Pulogalamu ya pa chigayo cha mpunga: ndiyambirenso?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chaka chatha ndinapangira bwana wina wa chigayo cha mpunga cha ku Lifuwu pulogalamu yolembera matumba, ngongole za alimi ndi malisiti. Zonse ndinangounjika mu project imodzi ya Windows Forms (mafomu a pa kompyuta ya Windows) pa .NET Framework 4.8, maziko a Microsoft olemberapo mapulogalamu. Pano akufuna anyamata ogula mpunga m'midzi azilembera pafoni. Ndigwetse zonse ndiyambirenso?

A Phiri: Ayi achimwene, musagwetse. Masamu a mtengo pa kilo ndi kudula ngongole ya feteleza munawaika pati?

Chisomo: Kuseri kwa batani la "Sunga". Amatenga nambala mwachindunji pa txtKilo.Text, kabokosi kolembamo makilo pa fomu.

A Phiri: Vuto lagona pomwepo. Mu solution yomweyo (thumba la mapulojekiti anu) tsegulani project ina ya Class Library, yosungamo code yokha popanda fomu, musankhe .NET Standard 2.0, chifukwa imagwira ndi 4.8 komanso .NET 8. Masamu onse asamukire kumeneko, azilandira makilo ndi mtengo, osadziwa n'komwe kuti kuli fomu. Ndalama muziwerengera ndi mtundu wa nambala wa decimal, osati double, chifukwa double imatha kuphonya pang'ono powerengera. Mlimi amene wadikira tsiku lonse pa sikelo sangamve zoti makwacha ena asowa chifukwa cha kompyuta.

Tadala: Ndiwonjezere pa mawu a aPhiri. Foni isalumikizane ndi SQL Server (nkhokwe yaikulu yosungira zolembedwa) mwachindunji, pakati pakhale ASP.NET Core Web API, pulogalamu yopereka uthenga pakati pa ziwirizi. Za pafoni musayambe ndi Xamarin, Microsoft inasiya kuithandizira mu Meyi 2024, pitani pa .NET MAUI, imene inalowa m'malo mwake. Koma chondidetsa nkhawa ine ndi netiweki. Ndinagwirapo ntchito ngati iyi ku Nkhotakota, kalaliki ankachita kukwera pachulu kuti risiti ipite. Foni izisunga kaye mu SQLite, kankhokwe ka m'foni momwemo, n'kutumiza ikapeza netiweki. Risiti iliyonse ikhale ndi GUID yake (nambala yapadera yosafanana ndi ina iliyonse), apo ayi anyamata awiri adzatulutsa nambala imodzi.

Chisomo: Ndiye mapulojekiti akhala anayi. Bwanayo safuna kuimitsa ntchito, mpunga wayamba kale kulowa.

A Phiri: Asanu, musaiwale ya xUnit yoyesera ngati masamu akulondola. Bwerekani kaundula wa kalaliki wa chaka chatha, mutengemo malisiti 20, muone ngati library ikupereka ndalama zomwezo. Fomu yakale ipitirize kugwira mpaka nyengo yogula ithe.

Chisomo: Zikomo kwambiri. Ndiyamba ndi library usiku uno, mawa ndikatenga kaundulayo.