Basi ya nambala 14 ikuchedwa ndipo ana akuwoloka moopsa, tikadandaule kuti?

Mayi wa ana awiri: Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku San Francisco, ndipo m'mawa uliwonse ndimaperekeza mwana kusukulu pa basi ya nambala 14, yamagetsi ija yoyendera mawaya mumsewu wa Mission. Pali malo ena pomwe galimoto zotsitsa katundu zimaima m'kanjira kofiira ka mabasi, basi n'kulephera kudutsa, anthu n'kumawoloka pakati pa galimoto atagwira ana padzanja. Mtima wanga umakhala m'malere. Abwana anga andichenjeza kale za kuchedwa, lendi yakwera, ndipo alamu anga, amene ali ndi galimoto, sanafunsepo n'komwe mmene timayendera. Kodi munthu wamba angatani kuti njira imeneyi ikonzedwe?

Dalaivala wa galimoto ya katundu: Mayi, musatinamizire ife. Vuto linayamba mu 2016 pamene anapaka utoto wofiirawo, kuletsa kukhotera kumanzere m'mphambano zambiri ndi kukakamiza galimoto kukhotera kumanja m'malo ena. Eni masitolo analira mokweza nthawi imeneyo. Katundu wa m'sitolo sagwa kumwamba, ndiye mufuna tizitsitsira kuti?

Namwino wa usiku: Bambo, mayiwa afunsa za chitetezo cha ana, osati za katundu wanu. Ineyo galimoto yokhotera kumanzere inandigunda ndili powolokera anthu, ndinayendera ndodo kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero bondo limandiwawa kukazizira. Mzindawu unavomereza ndondomeko ya Vision Zero mu 2014 pofuna kuthetsa imfa za pamsewu, choncho kuletsa kukhota kumeneko sikunali kuzunza munthu.

Dalaivala wa galimoto ya katundu: Pepani ndi ngoziyo, achemwali, koma mfundo yanga sinasinthe. Ndiwonjezenso kuti mawayawo angochotsedwa. Basi yomangirizidwa ku mawaya singapitirire inzake yomwe ili pa mawaya omwewo, ndipo ndodo zake ziwiri zapadenga zikaphonyoka, dalaivala amatsika kukazikoka ndi zingwe kumbuyo, msewu wonse utaima. Zimenezi n'zachikale.

Mphunzitsi wopuma pantchito: Achimwene, pamenepo mwapitirira. Mabasi amenewa amakwera zitunda za mzindawu bwino kuposa a dizilo, satulutsa utsi, ndipo magetsi ake amachokera ku mphamvu ya madzi a m'damu la Hetch Hetchy. Atsopanowa alinso ndi mabatire, moti amatha kutsitsa ndodo n'kuyenda kamtunda popanda mawaya. Chimene chimafulumizitsa basi ndi kanjira kosatsekedwa, maloboti oipatsa mpata ikamafika, ndi masiteji otalikirana pang'ono, ngakhale kuti ife a mawondo otopa kuchotsa masiteji kumatipweteka ndithu. Koma mayi, simunatiuze kuti ndi mphambano iti, komanso mukulowera kuti, mumzinda kapena ku mzinda woyandikana nawo wa Daly City. Popanda zimenezi ngakhale a SFMTA, bungwe loyang'anira mabasi ndi misewu mumzindawu, sangadziwe poyambira.

Wophunzira zaukadaulo: Mayi, ngati sukuluyo ili pafupi ndi siteji ya basi ya 14R, yoyenda mumsewu wa Mission womwewo, kwerani imeneyo chifukwa imaima malo ochepa. Pansi pa msewu womwewo pamadutsanso sitima ya BART, yomwe ili ndi masiteshoni pa 16th Street ndi pa 24th Street. Komanso kuyambira mu 2012 mabasi a mzindawu, otchedwa Muni, amalola kulowera khomo lililonse, ndiye ngati muli ndi khadi lolipirira basi la Clipper musamadikire pamzere wa kutsogolo.

Dalaivala wa galimoto ya katundu: Nonsenu mukuyankhula ngati anthu amene simunanyamulepo katoni ya mafuta ophikira kuchokera kuseri kwa msewu. Atipatse malo otsitsira katundu pakona iliyonse, muone ngati wina adzaimanso pofiirapo.

Namwino wa usiku: Apa pokha mwanena zomveka, bambo, ndipo mayi akhoza kupempha zomwezo. Mayi, jambulani malowo, lembani ola limene zimachitika, kenako mukanene ku 311, nambala ya foni yolandirira madandaulo a mzindawu, ndi kwa supervisor (khansala) wa dera lanu. Makolo anzanu akasaina nawo kalata, mawu anu adzalemera. Tiuzeni kona yake.

Mayi wa ana awiri: Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Ndi pakona pomwe pali sitolo ya zipatso paja. Alamu anga awona uthengawu ndipo akwiya, moti madzulo ano ndiyenera kukawapepesa kaye.

Mphunzitsi wopuma pantchito: Mayi, masitolo a zipatso mumsewu wa Mission alipo ambiri. Tchulani dzina la msewu umene ukudutsana nawo.