Mwana wanga wapezeka ndi shuga, kuyeza pakhomo mumatani anzanga?

MayiWaKuChirimba

Moni nonse muno. Ndimangowerenga zanu osalemba koma lero ndapanikizika, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 8 wapezeka ndi shuga wa type 1, uja wobaya insulin tsiku lililonse. Tinagonekedwa naye, pano tatuluka, atipatsa insulin mitundu iwiri, wina woyera mbee wina wamkaka, kubaya m'mawa ndi madzulo, komanso kamashini koyezera ndi kabotolo ka ma strip.

Nde vuto ndi ili, azakhali ake a ku Johannesburg atamva anatumiza kamashini kena, m'mawa ndayeza ndi tonse tiwiri chala chomwecho, ka kuchipatala kalemba 130 ka azakhali kalemba 7.2, ine thupi lonse zii, kolondola ndi kati pamenepa? Chachiwiri ma strip ndi ochepa ndipo mtengo wake ku pharmacy sindingaukwanitse mwezi ndi mwezi, ndiziyeza kangati patsiku kuti asathe msanga? Usiku sindikugona ndimangodzuka kukamugwira kuona ngati akupuma. Zala zake nazo zayamba kuda timadontho, akangoona kamashini amathawira kuseri kwa nyumba. Apongozi nawo akuti timusiyitse nsima tizimumwetsa madzi a nimu ndi chamwamba, ati jakisoni akamuzolowera sadzasiyanso. Mutu wanga wazungulira abale.

NesiWopuma

Pepani amayi, limbani mtima. Timashini tanu tonse tikunena zoona. Ka kuchipatala kakuwerenga mu mg/dL, ka ku South Africa mu mmol/L, tayang'anani pakona pa screen muona tizilembo timeneti. 130 mukaigawa ndi 18 mupeza 7.2, ndi shuga yemweyo. Koma sankhani kamodzi basi, kamene ma strip ake mukupatsidwa kukiliniki, kenako mukabise m'sutikesi. Chifukwa tsiku lina ndi tulo mudzaona 20 pa ka azakhalika nkuganiza kuti mwana watsika koopsa mumuthire shuga mkamwa, pomwe 20 ya mmol ndi 360 pa kanu, wokwera kwambiri. Ma strip nawonso sabwerekana, a Accu-Chek sagwira mu SD CodeFree.

Manambala ndikupatsani a kamashini ka kuchipatala. Asanadye timafuna akhale pakati pa 70 ndi 140 kapena chapompo, maola awiri atadya asapitirire 180, ngakhale adokotala ake atha kukupatsani malire ake ake malinga ndi msinkhu. Pansi pa 70 ndiye watsika ndipo apa musadikire munthu. Sungunulani masupuni a tiyi awiri kapena atatu a shuga m'madzi pang'ono amwe, kapena theka la kapu ya Fanta kaya Coke weniweni osati Zero, dikirani mphindi 15 muyezenso. Akadali pansi bwerezani, akakwera mupatseni chakudya chogwira m'mimba, buledi, mbatata, nthochi, kuti asagwenso. Akakomoka kapena akugwedezeka musamumwetse kanthu angatsamwe, mugonekeni chammbali, mupakeni shuga kapena uchi mkati mwa tsaya, nkuthamanga naye kuchipatala.

Wokwera amapatsa mpata pang'ono koma nayenso ali ndi malire. Akapitirira 250 kawiri motsatizana imbani kukiliniki, ndipo ngati pamwamba pake akusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mothamanga ndi mozama, kapena kamashini kalemba HI (kutanthauza kuti shuga wakwera kuposa pomwe kangawerenge), imeneyo si nkhani yodikira kuche.

Za kangati, kunja amati kanayi kapena kupitirira koma tiyeni tinene za kwathu kuno. Awiri osalumpha ndi m'mawa asanabaye asanadye, ndi madzulo asanabaye. Wachitatu muziyendetsa, lero asanadye nkhomaliro, mawa pogona, mkuja 2 koloko usiku, mukatero pakutha pa sabata mwaona tsiku lonse. Wa usikuyo ndi wofunika chifukwa insulin wamkakayo, kaya analemba Protaphane kaya Insulatard, sagwira nthawi yomweyo, mphamvu zake zimafika pachimake patapita maola angapo, nde wa madzulo amamupeza mwana ali mtulo. Woyerayo, Actrapid, amayamba patatha mphindi 30, choncho mukabaya nsima ikhale ili pamoto kale, osati mwabaya kenako muzikatuma mwana kukagula makala. Makolo ndinkawauza kuti akayeza pogona nkupeza pansi pa 100 mwana adye kaye kachakudya. Ndipo ma strip khumi muwapatule, amenewo ndi a tsiku la matenda.

Apongozi auzeni mwaulemu kuti shuga wa mdzukulu wawo si uja wa akuluakulu wakumwa mapiritsi. Thupi la mwanayu lasiya kupanga insulin, nimu sangalowe m'malo mwake, mukasiya kubaya masiku ochepa okha mwana wabwerera ku ward ali chikomokere. Nsima asasiye, akukula ameneyo. Azidya mlingo wofanana nthawi zofanana, ya mgaiwa ndi yabwinoko, masamba ndi nyemba zambiri. Zochotsa ndi Sobo, ma freezes, tiyi wa shuga ndi thobwa lothira shuga, izi zikhale mankhwala a tsiku lomwe watsika.

BamboWaKuMponela

Asisi anena zambiri ine ndingowonjezera za zala poti wanga wamkazi tinavutika naye chimodzimodzi. Musabaye pakatikati pa nsonga ya chala, pamenepo mpowawa kwambiri, bayani chammbali pafupi ndi chikhadabo koma osati pachikhadabo penipeni, ndipo muzisinthasintha zala manja onse awiri. Kacholembera kobayirako kali ndi manambala pakamwa pake, tembenuzani muike pa 1 kapena 2, khungu la mwana ndi lofewa, ambiri amangosiya pamene anakapezera nde mwana amalira ndithu. Kasingano kakabuntha kamapweteka koposa katsopano, sinthani. Nyengo yozizira ngati mu June magazi amavuta kutuluka, musamufinye chala ngati mukukama ng'ombe, asambe m'manja ndi madzi ofunda agwetse dzanja pansi pang'ono magazi abwera okha.

Kusamba m'manjako musakupeputse. Nyengo ya mango kapena mwana akangodya mzimbe, zotsekemera zotsalira pachala zimakweza nambala, muona 300 mtima nkugunda pomwe mwana ali bwinobwino. Sopo ndi madzi, apukute ziume, basi. Spirit ine sindigwiritsa, amaumitsa khungu. Nambala ikakudabwitsani yosagwirizana ndi mmene mwana akuonekera, asambenso muyezenso musanachite china chilichonse, kupatula ikakhala yotsika, yotsika mupatseni shuga kaye mafunso pambuyo.

Kabotolo ka ma strip muzitseka nthawi yomweyo mukatulutsa imodzi, kasakhale pawindo padzuwa kapena kukhitchini kuli nthunzi, ndipo onani expiry musanagule, otsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri amakhala atsala pang'ono kutha. Insulin ife kuno fridge tilibe, timaika mu kabotolo kotseka bwino nkukakwirira mu mchenga wonyowa mu mtsuko, pakona pozizira. Inu a mtauni muli ndi fridge musaike ku freezer, akaundana watha ntchito ameneyo.

Koma chimene chinatithandiza kuposa zonse ndi kope. La sukulu lomweli, jambulani mizere, tsiku, nthawi, nambala, insulin mwabaya mayunitsi angati, wadya chani, ndi kamzere ka zina monga "anasewera mpira" kapena "anakana phala". Wathu tinazindikira mu kope momwemo kuti tsiku lililonse akasewera kwambiri masana, kaya fulaye kaya jingo, usiku wake amatsika, nde tsiku lotero timadziwiratu kuti strip wachitatu ndi wa usiku. Adokotala nawo akaona kope amasintha mlingo akudziwa chimene akuchita, osati kungodalira nambala imodzi ya tsiku la kiliniki. Akadwala malungo kapena chifuwa samalani, shuga amakonda kukwera ngakhale mwana sakudya, koma malungo athanso kumugwetsa, nde masiku amenewo yezani pafupipafupi, maola atatu kapena anayi aliwonse, insulin osasiya, ndipo kuchipatala muziyamba ndi kunena kuti mwanayu ndi wa shuga.

Namwali_T1

Amayi ine ndine wodwala amene, anandipeza ndili ku primary pano ndili ku college, nde ndiyankhulako mbali ya mwanayo. Chonde nambala ikatuluka yokwera musamachite nkhope ija, musamafunse kuti wadya chani iwe ndi mawu a kupolisi. Nthawi zambiri sanabe kanthu, shuga amangokwera, kukula komwe kumakweza, mantha a mayeso amakweza. Mwana akaona kuti 280 imabweretsa kukalipidwa amayamba kubisa, ena amalemba manambala abodza mu kope, ndipo zimadzaululika pa HbA1c, kuyeza kuja kwa kuchipatala koonetsa mmene shuga wayendera miyezi itatu, koma nthawi itatayika kale. Ingonenani kuti chabwino tayeza, tiyeni tione chochita.

Zaka 8 atha kuyamba kudziyeza yekha inu muli pompo. Musiyeni asankhe chala, alowetse strip yekha, awerenge nambala alembe yekha, kuthawira kuseri kuja kuchepa. Kubaya insulin ndiye muziyang'anira inuyo mlingo wake.

China ndi kusukulu. Pitani mukakumane ndi aphunzitsi ake ndi ahedi maso ndi maso, muwauze kuti akayamba kunjenjemera, thukuta, kuyankha zosagwirizana kapena kungoti duu, si mwano si ulesi, amupatse shuga. Mu chikwama muzikhala kapepala ka shuga kapena maswiti nthawi zonse ndipo aloledwe kudya mkalasi, komanso asamamukanize kupita kutoilet. Mnzake mmodzi wapamtima adziwenso. Ndipo chibalo cholima kapena kuthamanga asanadye chimenecho akambirane nanu kaye.

Mlongo_wa_ku_Leeds

Kodi bwanji osawauza azakhali aku Johannesburg agule FreeStyle Libre? Ndi kasensa komata pamkono kamakhala masiku 14, shuga mumangoonera pafoni osabaya chala, ndipo za masiku ano zimalira zokha akatsika usiku. Kuno ku UK ana a type 1 amapatsidwa ulere ndi NHS, zipatala za boma za kuno, mwana wa mnzanga makolo ake amagona tulo.

BamboWaKuMponela

Alongo kasensako nkabwino sitikukana koma kuno NHS kulibe, masiku 14 akatha mugulenso kena mpaka liti? Azakhali ngati ali ndi mtima wothandiza atumize ndalama ya ma strip mwezi ndi mwezi, imeneyo ipita patali. Ndipo ngakhale muli ndi sensa kamashini ka chala sikatayidwa, sensa siyeza magazi enieni imayeza timadzi ta pansi pa khungu nde imachedwerako shuga akamatsika mothamanga. Mayi, funsaninso kukiliniki kwanu ngati mwana angalembedwe pa thandizo la ma strip, komanso fufuzani a Diabetes Association of Malawi mukumane ndi makolo anzanu.

MayiWaKuChirimba

Zikomo nonse Mulungu akudalitseni, ka azakhali ndabisa kale ndipo kope ndagula. Asisi a NesiWopuma ndabweranso, usiku wathawu ndinatchera alarm 2 koloko ndayeza ndapeza 64, mwana ali mtulo osadziwa kanthu koma malaya anyowa thukuta. Ndinamudzutsa ndamumwetsa madzi a shuga, patatha mphindi 15 inali 98, ndamupatsa buledi wagona. M'mawa uno yalemba 190. Nde ndasokonezekanso, wa madzulo ano ndibaye kapena ndilumphe poti akutsika usiku? Dzulo anasewera mpira mpaka mdima, mwina nchifukwa chake.

NesiWopuma

Mwachita bwino kwambiri amayi, ndendende. 190 ya m'mawayo isakuopseni, ndi shuga ndi buledi wa usiku uja. Kulumpha ayi, musalumphe, koma musadikirenso tsiku la kiliniki, imbani kapena pitani lero lomwe ndi kope lanu muwauze 64 ya 2 koloko ndi za mpirazo, mwina achepetsa wamkaka wa madzulo kapena akuuzani zochita tsiku lomwe wasewera kwambiri. Mayunitsi ake ine pano sindingakutchulireni, atchule amene ali ndi file yake ndi sikelo yake. Mukatero muwafunsenso za honeymoon, miyezi yoyambirira thupi la ana ena limapangabe insulin pang'ono nde mlingo umene anatuluka nawo ku ward umatha kukhala wochuluka, apongozi akadzamva kuti achepetsa asadzati wachira. Usiku uno yezani pogona, adye kachakudya, 2 koloko muyezenso, tengani pa khumi aja.