Ndasiya fodya koma ndikupsa mtima ndi aliyense, ndithandizeni

Wobisa Dzina: Abale anga, ndabisa dzina chifukwa mayi akunyumba alinso pagulu pomwe pano. Ndasiya kusuta fodya. Ndinayamba ndili mnyamata, pano ndili ndi ana atatu. Koma chisiyireni mutu wanga sukuyenda. Tulo palibe, ndikangoti ndatseka maso ndimadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda ngati ndathamangitsidwa. Dzulo mwana wanga wamng'ono anagwetsa kapu, yapulasitiki yosasweka n'komwe, ine kumukalipira mpaka mwana kukabisala kuseri kwa chitseko. Ndinakalowa kubafa n'kuyamba kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Chinanso, pakhomo pano pali mlamu wanga. Anabwera akuti akhala masabata awiri, pano yakwana miyezi 7. Sagwira ntchito, sagula ngakhale sopo, koma ndalama ya ndudu sasowa. Amasutira pakhonde, pansi pa zenera la kuchipinda kwathu penipeni. Ndikadandaula, mayi akunyumba amati ndi mlongo wanga, ndimuthamangitse apite kuti. Tsiku lina mayiwo anafika pondiuza kuti bola muyambirenso kusuta, munali munthu wabwino. Mawu amenewo akundiwawabe. Kuntchito nakonso abwana andiunjikira ntchito ya munthu amene anachoka, malipiro omwe aja. Nthawi yopuma anzanga onse amatuluka kukasuta, ine ndimatsala ndekha n'kumangomwa khofi, kapu ikatha ndithire ina. Kodi nkhawa imeneyi imatha? Kapena ndingoyambiranso?

Mkulu Wosapsatira: MUSAYAMBIRENSO!!! Mphwanga, ine ndasuta zaka 26, mapaketi awiri patsiku. Tsiku lina ndinangoponda paketi ndi nsapato, basi nkhani inathera pomwepo. Panalibe mankhwala, panalibe zolira m'bafa. Anyamata a masiku ano ndinu ofewa kwambiri. Nkhawa ndiye chiyani? Mwamuna amaluma mano.

Namwino wa Usiku: Pepani bambo ndi zomwe mukudutsamo. Koma simunatiuze chinthu chachikulu: mwasiya liti, ndipo mumasuta ndudu zingati patsiku? Ngati ndi masiku atatu kapena asanu, muli pachimake penipeni pa vutoli. Kupsa mtima, kusowa tulo ndi kubalalika maganizo zimakula kwambiri sabata yoyamba, kenako zimayamba kuzilala m'masabata awiri mpaka anayi. Koma ngati papita miyezi mukulirabe chonchi, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kuonana ndi dokotala.

Wanthabwala Basi: Vuto si fodya apa, vuto ndi mlamu. Siyani mlamuyo, fodya adzasiya yekha.

Mayi a Mapasa: Ine mtima wandipweteka ndi mwanayo. Bambo, mukamupepese lero lomwe. Amuna anga atasiya zinali chimodzimodzi, nyumba yonse tinkayenda monyang'ama. Tsiku lina anakalipira wailesi kuti ikulankhula kwambiri. Anatha chaka ndi theka osasuta, kenako anayambiranso pa maliro a mchimwene wawo, ati imodzi yokha. Mpaka lero ndikuchapa malaya onunkha utsi. Ndiye akazi anuwo musawaweruze kwambiri, nawonso atopa.

Mkulu Wosapsatira: Mayi, amuna anuwo analibe mtima wosiya. Wosiyadi sabwerera.

Mayi a Mapasa: Akulu, amuna anga simukuwadziwa. Lankhulani zanu.

Namwino wa Usiku: Akuluwo akunena zabodza. Anthu ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo asanapambane. Ndipo bambo mwafunsa, mvetsani ichi. Ndudu sichotsa nkhawa. Chikonga, chomwe timati nikotini, chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa mukangokoka utsi, koma pakatha maola awiri okha theka lake limakhala litachoka m'magazi. Chikamachepa thupi limayamba kulongolola, inu n'kumati ndi nkhawa. Mukasuta, kulongololako kumaleka, inu n'kumati fodya wandithandiza. Akungozimitsa moto womwe anauyatsa yekha. Amene apirira masabata oyambawa ambiri amapezeka kuti nkhawa zawo zachepa kuposa nthawi yomwe ankasuta.

Mtumiki wa Mulungu: Achimwene, limenelo ndi goli la mdyerekezi, nsinga zenizeni. Gwadani pansi, salani kudya masiku atatu. Ine ndinamasulidwa ku mowa ndi fodya usiku umodzi.

Dalaivala wa Mtunda Wautali: Abusa, munthu wangosiya fodya kumene ndiye asalenso kudya? Mukufuna amumenye mlamu uja? Pempherani naye, koma adye. Achimwene, ine chomwe chinandithandiza n'chakuti mnzanga anandiuza kuti chibaba sichikhalitsa, chimabwera ngati funde, pakatha mphindi zisanu kapena khumi chadutsa. Sindinakhulupirire mpaka nditayang'ana wotchi. Chikandigwira ndinkaimika galimoto pambali, kutsika, kuizungulira kawiri ngati ndikuyang'ana matayala, kumwa madzi pang'onopang'ono, kukoka mpweya wambiri n'kuutulutsa mosafulumira. Ndikamakwera chatha. Masiku oyamba ndinkaima mwina ka 15 patsiku. Dzanja linkangopita lokha m'thumba la malaya momwe munkakhala paketi, ndiye ndinaikamo cholembera, ndinkachitafuna mpaka chinasweka inki kudzadza m'kamwa. Pano ndi zaka zinayi.

Mkulu Wosapsatira: Kuzungulira galimoto ngati wamisala. Ine SINDINAZUNGULIRE chilichonse.

Mnyamata wa Vape: Madala, gulani vape, ndudu yamagetsi ija, basi. Ine ndudu ndinaiwala kalekale.

Mkulu Wosapsatira: Iwe sunasiye kanthu, wangosintha chitoliro. Nikotini yemweyo, kungoti pano ukuchita kutchaja.

Mnyamata wa Vape: Koma sindinunkha, ndipo sinditsokomola m'mawa. Inu mukudziwa chiyani za vape?

Mlongo Wanu Wokonda Zachilengedwe: Ndili ndi mankhwala azitsamba otsuka mapapo ndi kuchotsa chibaba tsiku limodzi. Ndilembereni kumbali.

Woyang'anira Gulu: Zamalonda ayi pagulu pano. Chenjezo lomaliza limeneli.

Namwino wa Usiku: Palibe chitsamba chotsuka mapapo, amadziyeretsa okha mukasiya, n'chifukwa chake ena amatsokomola makhololo ambiri masabata oyamba. Bambo, ndaona mwatchula khofi. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa kafeini, chogalamutsa cha mu khofi, msanga m'thupi. Mukasiya, makapu omwewo amakhala ngati mwawonjezera, ndiye mtima kugunda ndi kusowa tulo kwinako ndi khofiyo. Chepetsani ndi theka, ndipo masana akapitirira musamwenso. Chimodzimodzi ndi mankhwala ena, makamaka a matenda a maganizo monga clozapine ndi olanzapine, komanso theophylline wa mphumu: mukasiya fodya, mankhwalawa amachuluka m'magazi, dokotala ayenera kudziwa kuti aonenso mlingo. Kodi pali mankhwala omwe mukumwa? Pali zothandizanso: zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini, kapena mapiritsi ngati varenicline ndi bupropion omwe amalemba dokotala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limavomereza zonsezi. Koma mphamvu ya chomatacho amaisankha potengera ndudu zomwe mumasuta patsiku, n'chifukwa chake ndikufunsa.

Mkulu Wosapsatira: Kuchotsa nikotini ndi nikotini? Adokotala inu mumafuna anthu azingogula mankhwala. MTIMA BASI.

Wanthabwala Basi: Akulu, si inu kodi munalemba pagulu pomwe pano chaka chatha kufunsa kuti fungo la ndudu mungalichotse bwanji m'galimoto akazi anu asadziwe?

Mkulu Wosapsatira: Inali galimoto ya mnzanga.

Wanthabwala Basi: Mnzanuyo timupatse moni.

Mayi a Mapasa: Mwasiya kuthandiza munthu mwayamba kutukwanizana. Bambo, mlamuyo musamuthamangitse lero mutu uli wotentha, mudzanena zomwe simungazibweze. Mukhale naye pansi, mumuuze mwaulemu kuti azikasutira kutali ndi nyumba, ndipo asamasiye paketi ndi machesi poonekera. Utsi umenewo ukupwetekanso ana. Ineyo ndikanamuuza msanga mlamu wa amuna anga, mwina bwenzi zitasiyana.

Wonenepa Mosangalala: Palibe wamuchenjeza za kudya. Ine nditasiya ndinawonjezera makilogalamu 9, mathalauza onse kukana kumangika. Chakudya chinayamba kukoma ngati ndangobadwa kumene. Ndinayamba kuyenda wapansi madzulo mphindi 30, zinathandiza mimba ndi tulo tomwe. Koma nthawi yopuma kuntchito musamatsale nokha pampando, tulukani muyende mbali ina, osati komwe akusutira.

Wobisa Dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. Mwana ndamupepesa, anangoti chabwino adadi n'kupitiriza kusewera, zomwe zandiliritsanso. Za khofi sindinkadziwa, ndimamwa makapu 6 kapena 7. Koma abale, mlamu uja lero wandipempha laitala. Ineyo! Akudziwa bwinobwino kuti ndasiya. Ndipo mayi akunyumba anali pomwepo akungoseka. Abwana nawonso akuti Loweruka ndibwere.

Mkulu Wosapsatira: Laitala ukusungiranji ngati wasiyadi? TAYA.

Dalaivala wa Mtunda Wautali: Apa pokha ndikugwirizana nawo akuluwa. Mupatseni mlamuyo laitalayo ikhale yake, achoke nayo.

Namwino wa Usiku: Makapu 7! Yambani ndi pamenepo. Koma bambo, kachitatu aka ndikufunsa: masiku angati, ndipo ndudu zingati?