Theoretical physics ya dark matter ndi gravitational waves, munthu angadyerepo?

final_year_fizikisi:
Akuluakulu ndikumaliza digiri ya fizikisi chaka chino ndiye mtima wanga uli pa theory, makamaka za dark matter (zinthu zosaoneka za mlengalenga zimene timangozidziwira ku mphamvu yake yokoka) ndi ma gravitational waves (mafunde a mu space amene amabwera zinthu zolemera kwambiri ngati ma black hole zikamazungulirana n'kuphatikizana), koma kunyumba akungoti ukamaliza ukaphunzitse ku sekondale basi zinazo nzachizungu. Alipo akudziwa njira yake? Masters ndikapange kuti, nanga ntchito imapezeka?

postdoc_wotopa:
Mphwanga njira ilipo koma njaitali, masters, PhD, kenako ma postdoc (ma contract a kafukufuku) a zaka 2 kapena 3 uku ukungosamuka dziko ndi dziko ndi chikwama kumsana, ndipo ma post a permanent ngochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu amene akumaliza PhD. Yambira ku AIMS, sukulu ya masters ya masamu, ija anayambitsa Neil Turok mu 2003 ku Muizenberg, Cape Town, ukatengedwa amalipira zonse. Koma ndikanakhala iwe ndikanatsamira ku ma gravitational waves. Chiyambire 14 September 2015 pomwe LIGO, detector ya ma gravitational waves ya ku America, inagwira ma black hole awiri akuphatikizana data ikungobwera, pomwe dark matter wasayansi Fritz Zwicky anainunkhiza kale mu 1933, Vera Rubin m'ma 1970 anaonetsa kuti nyenyezi za kumphepete kwa ma galaxy zikuthamanga kuposa mmene zimayenera kuthamangira, koma mpaka lero ma detector a xenon osakira dark matter ngati LZ ku South Dakota sanagwire kanthu.

axion_girl:
Apo ndiye ayi achimwene, kusagwidwa kwakeko ndi kumene kukupatsa ntchito anthu a theory, WIMP, particle imene ambiri ankaganiza kuti ndiye dark matter, ikuvuta kupezeka ndiye ena athamangira ku ma particle ena ongoganiziridwa otchedwa ma axion, ena ku ma primordial black hole (ma black hole amene mwina anapangika universe itangoyamba), ndipo ma black hole oterowo akakhalapo ndi ma gravitational waves omwewo angatiuze, ndiye musamuuze mwanayu ngati ziwirizi nzosayenderana. Komanso radio telescope ya MeerKAT ili pompano ku Karoo, South Africa, ma dish 64, anthu akusaka nayo ma gravitational waves kudzera mu pulsar timing (kuyeza nthawi imene ma signal a nyenyezi zotchedwa ma pulsar akufikira kuno), sikuti mpaka upite ku America.

postdoc_wotopa:
Nzoona chemwali, koma ma paper a axion alipo mbwee, axion weniweniyo ali kuti kkkk

ndinathawira_kubanki:
Inu kanganani, ine ndingoti phunzira Python ndi masamu mwamphamvu, linear algebra, ma tensor, statistics. Ine nditamaliza PhD ndinalowa data science, sindikudandaula, lendi ndikulipira pa nthawi yake.

final_year_fizikisi:
Zikomo nonse. General relativity, theory ya Einstein ya gravity ija, sindinaigwirepo bwinobwino, ndiyambe kuwerenga pandekha panopa kapena ndiyambe ndakonza kaye masamuwo?