Ndipitenso timu ina kapena ndikhazikike pomwe ndili? Thandizeni maganizo

Membala wosadziwika:
Moni nonse a pa gulu, a admin chonde ndibiseni dzina chifukwa ena mwa anthu omwe ndikuwakambawa ali momwe muno. Ndine player, ndimasewera kumbuyo pakati, nthawi zina kochi akasowa munthu amandiika pa nambala 6, kutsogolo kwa otchinga kumbuyo. Zaka ndikuyandikira 30 ndipo mpira wanga wonse ndausewera m'ma ligi a m'munsi, ligi yaikulu sindinaipondeko. Matimu ndayenda ambiri, sizoni ino uku sizoni yamawa uko, ena anatha ndili momwemo poti mwini wake ndalama zinamuthera, ena anatsika, kwina ndinachoka ndekha chifukwa miyezi imatha osaona kalikonse koma gemu iliyonse akufuna ufere pa ground.

Pano ndili pa timu ina yomwe ndalama zake ndi zochepa kwambiri koma zimabwera, tsiku lake likakwana amapereka, ndipo mmodzi wa akuluakulu a timu anandipezera ntchito yomwe ndimagwira m'mawa, masana ndikupita ku tereningi. Ndiye kwabwera timu ina yomwe yangokwera kumene ligi ya pamwamba pa yathu, akuti akufuna munthu wamkulu kumbuyo poti ana awo ndi othamanga koma sadziwa kuima. Andilonjeza malipiro owirikiza kawiri, signing fee komanso nyumba akuti andipezera. Vuto ndi lakuti zonsezi tikungokambirana pa foni, ndikati tumizani kontrakiti ndiwerenge akuti bwera kaye uyambe tereningi mapepala tikonza ukafika, windo yosamutsira osewera itseka posachedwa tisataye nthawi. Ndikapita ntchito ija ndiye kuti ndaisiya chifukwa ndi kutali, ndipo mkazi wanga ndi mwana atsala kaye.

Chinanso bondo lakumanja limatupa ndikasewera 90, ndimamwa mapilisi gemu isanayambe ndiye sindimva kwambiri, koma mawa lake kutsika masitepe ndi nkhondo. Sindinauze aliyense ku timu.

Mtima wanga ukufuna kupita, sindibisa. Ndakhala ndikudikira mwayi ngati uwu kuyambira ndili mnyamata ndipo ndikudziwa kuti pa msinkhu wangawu foni ngati iyi siidzaliranso. Koma ndatopanso kumangoyamba pa zero malo atsopano. Amene munadutsamo, makochi, ngakhale azimayi omwe muli pa banja ndi ma player, mungandiuze zotani?

Sapota wa mpira wa m'munsi:
Pita aise, usaope. Jamie Vardy wa ku England anamutaya ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, anakasewera Stocksbridge Park Steels uku akugwira ntchito mu fakitale, kenako Halifax, kenako Fleetwood, Leicester inadzamugula 2012 ndipo 2016 anatenga Premier League. Akanati ndikhazikike pa ntchito ya fakitale bwenzi tikumudziwa?

Kochi wa achinyamata:
Nkhani ya Vardy ndi yoona koma tiyeni tiyiwerenge yonse. Leicester inamutenga ali ndi zaka 25, womwetsa zigoli, bondo lili bwino, ndipo inapereka 1 million pounds ku Fleetwood, ndiye kuti panali mapepala ndipo timu inali itaika ndalama zake pa iyeyo. Achimwene athuwa ali pafupi zaka 30, ndi otchinga kumbuyo, ndipo anthu akuwafunawo akukanika kutumiza ngakhale tsamba limodzi pa WhatsApp. Sizofanana. Ndipo timamutchula Vardy nthawi zonse chifukwa ngati iyeyo ndi ochepa, anzake omwe anasewera naye ku Stocksbridge palibe amene amawatchula.

Achimwene, ine ndaona matimu ongokwera kumene kwa zaka zambiri. Amakwera ndi chisangalalo, mwini timu amalonjeza aliyense, amatenga akuluakulu atatu anayi oti alimbitse kumbuyo, ndiye ligi ya pamwamba ili ndi maulendo aatali, kulipira ma ground, ma referee, malo ogona, ndalama ija imatha round yoyamba isanathe. Zikayamba kuvuta oyamba kuwasiya ndi inu obwera, chifukwa ana omwe anakweza timu ndi awo ndipo ndi otchipa. Sindikuti timu iliyonse ndi choncho, koma yomwe ili ndi ndalama zoona siopa kulemba.

Mlembi wa timu wopuma:
Ndiloleni ndilowerepo pa za malamulo poti ndi zomwe ndinkagwira. Mu malamulo a FIFA a kasamutsidwe ka osewera, player amakhala professional pokhapokha ali ndi kontrakiti yolembedwa komanso akulandira zoposa zomwe amawononga posewera mpirawo. Wina aliyense ndi amateur, kaya amamwetsa zigoli 20 pa sizoni. Ndiye mukapita popanda pepala nkuyamba kusewera, lonjezo la malipiro owirikiza lija likhala mawu anu ndi mawu awo basi, tsiku lomwe asiya kulipira mudzasowa pogwira.

Kontrakiti ikabwera muone kuti ikufika kumapeto kwa sizoni, chifukwa lamulo limati siyenera kuchepera pamenepo, ndipo siingapose zaka 5. Signing fee ilembedwe ndi tsiku loperekera, osati "tidzapereka sponsor akatipatsa". Nyumba ilembedwe. Bonasi ya gemu ilembedwe kuti kuwina ndi zingati kufanana mphamvu ndi zingati. Ndipo chofunika kwambiri kwa inu, alembe kuti mukavulala ndani alipira chipatala komanso malipiro apitilira kapena ayi. Musaine makope awiri imodzi mutenge inuyo tsiku lomwelo, ma player ambiri amasaina pa bonet ya galimoto kope nkutsala ndi timu, akadzaifuna manambala asintha.

Chinanso chomwe anthu oyendayenda ngati inu chimawagwira, pa sizoni imodzi mutha kulembetsedwa ku matimu atatu koma kusewera magemu a ligi ndi makapu ndi matimu awiri okha. Ngati mwasewera kale sizoni ino komwe muliko, timu yatsopanoyo ndi yachiwiri, zikakavuta kumeneko simungasewerere timu yachitatu mpaka sizoni ithe.

Membala wosadziwika:
Zikomo kwambiri bambo, za matimu awirizo sindimazidziwa bwino. Sizoni ino ndasewera kale magemu komwe ndili. Nanga zikachitika kuti ndasaina bwinobwino koma osalipira, ndingachoke bwanji? Chifukwa kwina komwe ndinali anandikaniza clearance, chilolezo chopitira ku timu ina, ndalama osandipatsa khadi langanso osatulutsa, ndinakhala nthawi yaitali ndikungopanga tereningi ndekha.

Mlembi wa timu wopuma:
Pamenepo FIFA inaikapo lamulo mu 2018. Timu ikalephera kukulipirani malipiro a miyezi iwiri, mumailembera kalata kuipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire zonse, ikapanda kutero muli ndi chifukwa chomveka chothetsera kontrakiti. Kalata yolembedwa, yokhala ndi deti, osati kukalipa pa gulu la WhatsApp la timu kapena kungosowa ku tereningi, mukangosowa mlandu umatembenuka nkukhala wanu. Koma dziwani kuti nkhani ya player ndi timu a dziko limodzi imaweruzidwa ndi bungwe la mpira la dziko lanulo motsata malamulo ake, ndiye pezani bukhu lawo muwerenge kapena funsani bungwe la osewera. Ndipo musamasunge madandaulo nthawi yaitali, ku FIFA nkhani yopitilira zaka ziwiri saimvanso.

Mkazi wa player:
Ine ndiyankhula ngati mayi wa pakhomo. Amuna anga anayenda chonchi mpaka anasiya, ndipo chomwe chinkandipweteka sikuchepa kwa ndalama ayi, ndi kusadziwa. Ndalama yochepa yodziwika tsiku lake umaipangira bajeti, koma yambiri yomwe ibwera "week yamawa" imakulowetsa mu ngongole chifukwa umakongola podalira iyoyo. Ndiye mukakhala kutali ndi mapoto awiri, inu kudya uko ife kudya kuno, malipiro owirikizawo mukawagawa pawiri mupeza kuti mwabwerera pomwe munali koma ntchito mulibe. Achimwene mwatifunsa ife a pa gulu, akazi anu mwakhala nawo pansi? Osati kuwauza kuti ndikupita, kuwafunsa. Iwowo ndi amene adzayankhe a landlord inu muli ku gemu.

Wosewera pakati wopuma:
Ine ndikusiyana pang'ono ndi enanu. Mukumuuza munthu akhale ngati kuti mpira ndi ntchito ya mu ofesi, koma ife tinasewera timadziwa kuti chinthu chimenechi chikakutsalira mumtima chimakudya mpaka ukalamba. Ndili ndi anzanga omwe anakana mwayi chifukwa cha mantha ndipo lero gemu saonera nkomwe, imawawawa. Kuyenda matimu si manyazi, Sebastián Abreu wa ku Uruguay anasewera matimu oposa 30 mpaka analowa mu bukhu la marekodi la Guinness, ndipo World Cup anaseweranso. Ndiye aise ine ndikuti ngati pepala labwera ndipo lili bwino, pita ukalawe ngakhale sizoni imodzi, ukadzasiya udzati ndinafikako. Koma ngati pepala silibwera usanyamuke, pamenepo ndikugwirizana ndi bambo mlembiwo. Ndipo kawauze bwino akuluakulu omwe anakupezera ntchito, usazembe usiku, mpira wa m'munsi ndi mudzi waung'ono tonse timadziwana ndipo udzawafunanso.

Wa zachipatala:
Aliyense akukamba za kontrakiti koma ine chandigwira ndi bondo. Bondo lotupa pambuyo pa gemu iliyonse likukuuzani kuti mkati muli vuto, ikhoza kukhala meniscus, kamtsamiro ka pakati pa mafupa a bondo, kapena chichereŵechereŵe chayamba kutha, ndipo ngati nthawi zina limakhala ngati lagwa lokha kapena kukakamira osawongoka ndiye mpofunika kulipimitsa msanga. Mapilisi ngati diclofenac kapena ibuprofen amangotseka ululu, vuto likupitilira, ndipo kumwa pafupipafupi makamaka uku mukutuluka thukuta kwambiri amawononga m'mimba ndi impso. Ligi ya pamwamba liwiro ndi lalikulu, tereningi tsiku lililonse, bondo lomwe likupirira pano kumeneko likhoza kukana mwezi woyamba. Ngati ndi ACL, mtsempha wogwira mafupa mkati mwa bondo, itaduka, munthu akachitidwa opaleshoni amakhala miyezi 9 kapena kuposa asanabwerere, ndipo pa zaka 30 mu timu yopanda inshuwalansi ambiri sabwereranso. Kaonaneni ndi dokotala kapena physio musanayankhe timu iliyonse, mudziwe kuti mukugulitsa miyendo yotani. Mwina ndi chinthu choti masewera olimbitsa ntchafu ndi kupumako masabata angapo chitha, koma musaganizire, pimitsani.

Kochi wa achinyamata:
Ndibwerenso pa mfundo ina. FIFPRO, bungwe la osewera pa dziko lonse, linafunsa ma player pafupifupi 14,000 mu 2016 ndipo 41 pa 100 aliwonse anati analandirapo malipiro mochedwa mu masizoni awiri apitawo, ndipo oposa 45 pa 100 ankalandira zosakwana 1,000 dollars pa mwezi. Awatu ndi ma professional, ambiri a ma ligi aakulu m'mayiko awo, ndiye musaganize kuti kukwera sitepe imodzi ndiye kuti mavuto a malipiro atha.

Chomwe ndikuona ine, munthu amene timu ikumufuna chifukwa amadziwa kuimika ana kumbuyo, ameneyo ndi kochi kale, kungoti alibe pepala. Matimu onse mwayendawo mwaona makochi osiyanasiyana, mwaona dressing room ikugawanika, mwaona timu ikutsika ndi ikukwera, zimenezo mwana wa academy alibe. Yambani layisensi ya ukochi ya CAF D mudakasewera, kenako C, ndipo pemphani komwe muliko kuti muzithandiza timu ya achichepere. Kaya mupita kaya mukhala, ichi chokha musachisiye, chifukwa tsiku lomwe bondo lidzakane anthu omwe amakuimbirani foni pano adzasiya sabata yomweyo.

Sapota wina:
Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khalani pomwe akukulipiranipo bambo.

Wosewera pakati wopuma:
Komanso funsa ma player omwe ali ku timu ikukufunayo, osati captain poti amakhala wa mabwana, funsa wa pa benchi. Bonasi yokwera ligi analandira? Ngati ya sizoni yatha sanapereke kwa ana omwe anawakweza, signing fee yako ichokera kuti?

Membala wosadziwika:
Ndawerenga zonse ndipo ndathokoza, simunandinyoze ngakhale mmodzi. Mayi munafunsa za akazi anga, takambirana usiku wathawu, iwo akuti sakundiletsa koma akufuna aone pepala ndi maso awo komanso ndipite kuchipatala kaye, ndiye zikufanana ndi zomwe mwanena ambiri. Ndawalembera a timu ija kuti atumize kontrakiti yokhala ndi malipiro, signing fee, nyumba ndi za kuvulala, ndipo ndanena kuti sindikwera basi ndisanaione. Awerenga koma sanayankhe. Mnyamata wina wa kumeneko yemwe ndinasewera naye kale ndamuimbira sanayankhe foni, ndiyesanso madzulo.

Funso lina kwa bambo mlembi, komwe ndili pano ndinasaina fomu yolembetsa yokha, kontrakiti ndilibe, ndalama amangondipatsa pamanja ndikusaina m'kope. Ndikasankha kukhala, ndingawapemphe bwanji kuti tilembe pepala popanda kuoneka ngati ndikuwaopseza ndi timu inayo? Chifukwa anthuwa andisunga bwino ndipo sindikufuna tiyambane.

Mlembi wa timu wopuma:
Pitani kwa amene anakupezerani ntchitoyo panokha, osati pa ground pamaso pa anzanu. Auzeni chilungamo kuti kwabwera anthu koma inu mtima uli pano, ndipo mukufuna zomwe akukupatsani kalezo zingolembedwa mpaka kumapeto kwa sizoni, musawonjezere ndalama pa tsiku limenelo. Mupemphe zinthu ziwiri zokha zatsopano, thandizo la chipatala pa bondolo ndi kuti akulembereni kalata yokuvomerezani kosi ya ukochi ikadzatsegulidwa. Za bondo muwauze musanasaine, asadzamve kwa ena. Kope lomwe mumasainamo lija mulijambule pa foni masamba onse omwe pali dzina lanu, musunge.