Kodi "wakutsina khutu ndi mnansi" amanena wochenjeza aliyense?

Akuluakulu odziwa chiyankhulo chathu, ndithandizeni. Mwambi uwu wandizunguza mutu kuyambira Lamulungu.

Kwathu ku Zingwangwa tili ndi kompyuta ya patebulo, yakalekale, yomwe ndinagula kwa munthu ku Limbe. Amaikonda ndi bambo anga, powerenga nyuzi ndi kulembera achimwene ali ku Johannesburg. Sabata yatha magetsi atayaka, Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, inayamba kukana tsamba lililonse. Inkangolemba kuti "Your connection is not private", pansi pake timalemba takuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Bambo anafuna kudina Advanced kuti angodutsa, ine n'kuwaletsa. Iwo anabweza dzanja n'kunena kuti, "Chabwino mwanangu, wakutsina khutu ndi mnansi." Titafufuza tinapeza kuti wotchi ya kompyuta yabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Kabatire kam'kati, kooneka ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa CR2032, kanali katatha, ndipo ndi kamene kamasunga tsiku magetsi akathima. Tsiku likalakwika, satifiketi yotsimikizira kuti tsamba ndi lenileni imaoneka ngati yosagwira ntchito. Ndinagula kena, zinatheka.

Tsono Lamulungu pochokera kutchalitchi ndinamva kulira ngati kwa ambulansi ndili pageti. Ndinapeza sikirini yonse yadzaza ndi uthenga wodzitcha wa Microsoft: kompyuta yagwidwa ndi mavairasi, musazimitse, imbani nambala iyi msanga. Bambo anali atakopera kale nambalayo kuchikuto cha buku lawo la nyimbo, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja ikunjenjemera. Nditati, "Ababa, musaimbe," anandiyang'ana modandaula. "Si dzana lomweli tinagwirizana kuti wotitsina khutu tizimumvera?" Ndinasowa chonena, ndipo zinandiwawa kuona munthu wamkulu akuopsezedwa m'nyumba yake yomwe.

Funso langa ndi ili: kutsina khutu n'kutani kwenikweni? Ndi kunong'oneza, kapena kukoka khutu kuja ankachita aphunzitsi ku pulayimale? Nanga mnansi ndi wachibale kapena woyandikana naye nyumba?

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Mwafunsa bwino, mwanawe. Kutsina khutu ndi kuchenjeza munthu mwakachetechete tsoka lisanamugwere. Kumudzi wina ankakukokera kuseri kwa nkhokwe n'kukuuza kuti, "Ku mowa wa mawa uja usapiteko, akupangira upo." Kutsina kumachitika ndi zala ziwiri, ena pabwalo osadziwa kanthu. Mawu akuti mnansi amagwira konse, wachibale ndi woyandikana naye. Koma onetsetsani momwe mwambiwo waimira: sukunena kuti mnansi ndiye amakutsina khutu ayi, ukuti amene wakutsina khutuyo wasanduka mnansi wako, ngakhale akhale wobwera. Ndipo sindinamvepo wotsina khutu akumaliza ndi kutambasula dzanja kuti umupatse kangachepe.

Wokonza makompyuta, Ginnery Corner:
Aphunzitsi mwalongosola, koma pa zakachetechete zokhazo ndisiyane nanu pang'ono. Chrome ikazindikira tsamba lakuba mapasiwedi imaonetsa chenjezo lofiira sikirini yonse, ndipo limenelo ndi loona. Ndiye tisamayese ndi phokoso lokha. Ine ndimauza makasitomala kuti aziona chimene uthengawo ukuwapempha. Woona umati bwererani, basi. Wabodza umati imbani, lipirani, tsitsani pulogalamu iyi. A Microsoft eni ake amanena kuti mauthenga awo ochenjeza sakhala ndi nambala ya foni. Bambo akanaimba, munthu wa mbali inayo akanawauza kuti aike pulogalamu yomulola kuyendetsa kompyutayo ali kutali, kenako n'kufuna ndalama. Zikadzachitikanso dinani Esc osasiya kuti sikirini ibwerere, kapena Alt ndi F4. Zikakanika, Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutseke Chrome pa Task Manager, kawindo ka mapulogalamu kamene katulukeko, ndipo potsegulanso Chrome ikafunsa zobwezeretsa masamba akale mukane. Muonenso mu Chrome pa Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, pamene pamaoneka masamba ololedwa kukutumizirani timauthenga. Ambiri amadina Allow pa tsamba lonamizira kuti likufuna kudziwa ngati ndinu munthu, kuyambira pamenepo timauthenga tabodza timangotulukira pakona.

Mayi wa ku Bangwe:
Ine agogo anga ku Chiradzulu ankaunena mwambiwu akamaliza kukudzudzula, iwe misozi ili chuchuchu. Kwa iwo tanthauzo linali lakuti kutsina kumawawa, koma wokukonda yekha ndiye amalimba mtima kukuuza zowawazo. Zachinsinsizi ndikuzimva lero. Komabe bambo anuwo sanalakwe kumvera, achimwene. Musawachititse manyazi, angadzaope kukufunsani tsiku lina.

Woyambitsa nkhani:
Zikomo nonse. Pa Notifications ndapezapo masamba 3 osadziwika, ndawachotsa. Madzulo ano ndinawawerengera bambo mayankho anu. Za aphunzitsi zija zakuti wotsina khutu satambasula dzanja anazibwereza kawiri, kenako anatenga cholembera n'kufufuta nambala ija pabuku la nyimbo. Koma iwo akugwirizana ndi amayi a ku Bangwe kuti kutsina kwake ndi kowawa, akuti ndi mmene ankamvera ku Thyolo ali mnyamata. Aphunzitsi, kodi n'kutheka kuti matanthauzo onse awiriwa ndi akale, kungoti madera amasiyana? Ngati alipo a ku Dedza kapena ku Kasungu atiuzeko mmene amaunenera kwawoko.