Kodi ndine ndekha amene ndalowa chaka chatsopano ndili ndi chiyembekezo?

Nankhoma_wa_lero:
Abale moni, chaka chabwino kwa nonse. Ndifunseko kanthu koma musandiseke. Chaka chino ndachilowa mtima uli m'malo, ndikungoona ngati zinthu zitha kuyendako, kaya za ndale kaya za moyo wangawu, ndaganiza zobwerera ku sukulu komanso ngongole yomwe yakhala ikundisowetsa tulo yatsala pang'ono kutha. Koma ndikangonena zimenezi anzanga amati iwe ukulota, andale onse ndi amodzimodzi ndipo Januwale ndi mwezi wonamiza, aliyense amalemba mapulani koma pofika Malichi kope lija silikuonekanso. Ndiye ndikufunsa, chiyembekezo changachi chili ndi pogwira kapena ndi chisangalalo cha holide chabe?

Mkulu_Wakale:
Achemwali simukulota ayi. Amene amati palibe chimasintha aja amaiwala msanga. Taonani ku Botswana, chipani cha BDP chinalamulira kuyambira 1966 anthu mpaka kumati sichingachoke, koma mu Okutobala 2024 anthu anangopita kukavota mwakachetechete basi chinagwa, ndipo a Masisi anavomera kuti agonja mavoti asanathe nkuwerengedwa komwe, a Duma Boko nkulowa popanda kuwomba mfuti ngakhale imodzi. Ku Senegal chaka chomwecho a Macky Sall anayesa kukankhira chisankho kutsogolo, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linakana, chisankho chinachitika pa 24 Malichi ndipo anapambana ndi Bassirou Diomaye Faye, mnyamata wa zaka 44 yemwe anali atangotuluka kumene mu ndende masiku 10 chisankho chisanachitike. Zimenezi zachitika ife tikuona ndi maso, si nthano ayi.

Chikaiko265:
Kkkk akulu mwasankha zokomazo zokhazokha. Nanga ku Zimbabwe bwanji simukutchula? Mu Novembala 2017 a Mugabe atatula pansi udindo anthu anavina mu misewu ya Harare mpaka kujambulitsa ndi asilikali, koma pa 1 Ogasiti 2018 asilikali omwewo anawombera anthu mu mzinda womwewo, anthu 6 anafa. Ndipo ngakhale komwe zinayenda bwino, kusintha pulezidenti sikufika msanga m'thumba la munthu. A Hichilema anawina mu Ogasiti 2021 atayesa kasanu nkumalephera, anthu anasangalala zedi, koma Zambia inali italephera kale kubweza ngongole zake mu 2020 ndipo mgwirizano ndi maiko omwe anawakongoza unadzabwera mu Juni 2023, pafupifupi zaka ziwiri munthu wamba akungodikira. Ine sindikuti mukhale okhumudwa ayi, koma kuika mtima pa wandale nkufuna kudwala BP dala.

Mai_a_Thoko:
Mwana wanga ine za ndalezo ndiwasiyira abambowa azilimbana, ndiyankheko za sukuluyo. Chiyembekezo chako chili ndi pogwira chifukwa watchula zinthu ziwiri zooneka, ngongole ikutha ndipo ukudziwa chomwe ukufuna kukaphunzira. Anzako aja mapulani awo amafa chifukwa amalemba zoti chaka chino ndilemera, chaka chino ndisintha, nanga zimenezo munthu amayambira pati Lolemba m'mawa? Iwe chita izi, fufuza tsiku lomwe amatseka kulandira mafomu ulilembe pomwe uzilionera, ndipo ngongoleyo ikangotha ndalama yomwe umabweza mwezi ndi mwezi ija usaizolowere, izipita yokha ku akaunti ina tsiku lomwelo la malipiro, chifukwa ikangogona mu foni sabata imodzi achibale amainunkhiza sindikudziwa kuti amadziwa bwanji kkkk. Komanso usauze aliyense, osati chifukwa cha ufiti ayi, koma anthu akakuyamikira kwambiri usanayambe mtima umakhuta ngati wachita kale.

Mkulu_Wakale:
Amwene a Chikaiko, za Zimbabwe mwanena zoona koma mwandithandiza mfundo yanga. Kumene kuja sanachotse munthu ndi ovota, anachotsa ndi asilikali, ndiye amene anakuika pa mpando ndi amene umamuopa. Ine chiyembekezo changa sichili pa nkhope ya munthu ayi, chili pa nkhani yoti tingathe kumuchotsa. Tengani Malawi, pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha 2019 chija cha Tipp-Ex, nkulamula kuti chibwerezedwe pasanathe masiku 150 komanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka, a Chakwera anawina mu Juni chaka chomwecho, ndipo mu Seputembala 2025 ovota omwewo ataona kuti sizikuyenda anawachotsa nkubwezeretsa a Mutharika, a Chakwera nkuvomera. Mutha kukangana usiku wonse kuti wabwino ndani, ine sindilowa m'menemo, koma aliyense wokhala pa mpando pano akudziwa kuti zaka zisanu sizichedwa. Ku Africa kuno khoti linayamba kuchita zotere ndi la ku Kenya mu 2017, nthawi yomwe mkulu wa majaji kumeneko anali a David Maraga, zisanachitike zimenezo anthu ankati jaji sangayerekeze.

Chikaiko265:
Chabwino apo ndavomerako theka. Theka linalo nlakuti pakati pa chisankho ndi chisankho ovota aja timagona, phungu sitimufunsa kanthu, bajeti ikamawerengedwa ife tili pa mpira, ndiye kudzadzuka patatha zaka zisanu.

Nankhoma_wa_lero:
Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima, ngakhale inu a Chikaiko kkkk. Mai a Thoko za akaunti ina ndichita mwezi uno womwe, koma zosauza aliyense zavuta kale poti ndalengeza pano. Funso lina, kwa amene munaphunzirapo mukugwira ntchito, zimayenda bwino ndi ziti, makalasi a madzulo kapena a kumapeto kwa sabata? Abwana anga si munthu wolola kuweruka msanga.